Mvula imene sinagwe: tikambirane zosefa data ya radar

Chifunga:
Moni nonse abale. Ndine watsopano pagulu pano, ndipo ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndikuwerengera kuchuluka kwa mvula pogwiritsa ntchito data ya radar ya C-band (mtundu wa radar wa mafunde otalika pafupifupi masentimita 5), kenako ndimayerekeza ndi zimene zoyezera mvula zapansi zalemba. Masiku a mvula yeniyeni ziwirizi zimagwirizana ndithu. Koma pali masiku ena kumwamba kuli mbee, zoyezera zili zouma gwa, radar n'kumandiuza kuti kwagwa mvula. Ndikaphatikiza mwezi wonse, madera ena akuoneka ngati anamira m'madzi pamene sikunagwe n'kadontho komwe. Kodi radar yawonongeka? Ndiyambire pati?

Mdala wa Doppler:
Takulandirani achemwali. Mtima m'malo, radar yanu ili bwino. Choyamba kukumbukira n'chakuti radar sidziwa kuti mvula n'chiyani. Imaponya mafunde mumlengalenga, kenako imatchera khutu kuti imve chimene chabwerera. Kaya mafundewo agunda dontho la mvula, phiri, nsanja ya mafoni, mbalame kapena gulugufe, zonse zimabweza mphamvu, ndipo kompyuta imazilemba mu dBZ, muyeso wa mphamvu yobwererayo, mosasankha. Inuyo mukatenga dBZ ija n'kuisandutsa mamilimita, mwasandutsa phiri kukhala mvula.

Tisanakupatseni mankhwala tiyambe tadziwa matenda. Zikuoneka nthawi yanji? Zili ndi maonekedwe otani? Zikuyenda kapena zaima pamodzimodzi? Zikupezeka pokhapokha dishi ya radar ikaloza m'munsi, kapena ngakhale ikakwera? Nanga radar yanuyo ndi ya dual-pol, yoponya mafunde ogona ndi oimirira omwe?

Chifunga:
Zikomo bambo. Inde, ndi ya dual-pol. Ndakhala ndikuonera zithunzi motsatizana ngati kanema ndipo ndaona kuti si chinthu chimodzi ayi. Pali timadontho towala kwambiri pafupi ndi radar komanso kumene kuli mapiri, tili pomwepo usana ndi usiku. Palinso chinthu chooneka ngati mphete, chimayamba kakang'ono dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, n'kumakula mpaka kuzimiririka. Kenako pali mzere wowongoka wochokera pakati pa chithunzi mpaka kumapeto. Ndipo masiku ena usiku kumabwera zigamba zikuluzikulu kutali ndi radar, zamathothomathotho, zimene zimachoka dzuwa likakwera.

Wazamadzi:
Matenda anayi m'thupi limodzi. Tiyambe ndi timadontho tokhazikikato chifukwa ndi timene tikuwonongerani masamu kwambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati mukugwiritsa ntchito njira ya Marshall ndi Palmer, ya Z = 200R^1.6 (Z ndi mphamvu yobwerera, R ndi mamilimita a mvula pa ola), ndiye kuti 40 dBZ ndi mvula ya mamilimita pafupifupi 11.5 pa ola. Phiri likamabweza 40 dBZ kwa maola 24, inu mumalemba mamilimita oposa 270 tsiku limodzi lokha. Chulukitsani ndi masiku 30, muona chifukwa chake madera enawo akuoneka omira.

Mdala wa Doppler:
Ndi zomwezo. Izi timazitcha ground clutter, ndipo chida chathu chachikulu pothana nazo ndi Doppler. Radar imayeza liwiro limene chinthu chikubwerera kwa iyo kapena kuchoka. Phiri siliyenda, ndiye liwiro lake ndi ziro, komanso mphamvu yake yonse imaunjikana pa ziro pomwepo mosamwazikana. Mvula imakankhidwa ndi mphepo, madontho ena akuthamanga kuposa anzawo, ndiye mphamvu yake imayala. Sefa yakale inkangodula chilichonse chili pafupi ndi ziro.

Koma tamverani vuto lake. Radar imangoona liwiro lolunjika kwa iyo. Mvula imene ikudutsa chopingasa, osabwera osachoka, nayonso imaoneka ngati yaima. Sefa yakale ija imaidula pamodzi ndi phiri, ndipo pachithunzi pamatsala kanjira kopanda mvula pakati pa mvula. Ndinaziona kambirimbiri ndili pa ntchito, anthu n'kumaganiza kuti mtambo wang'ambika pakati.

N'chifukwa chake Siggia ndi Passarelli anatulutsa njira ya GMAP mu 2004. Imadula gawo la phiri, kenako imayang'ana mmene mphamvu ya mvula yayalira mbali zonse ziwiri n'kubwezeretsa chimene chinadulidwa. A ku NCAR, bungwe lofufuza zanyengo ku America, nawonso anapanga CMD, imene ntchito yake ndi kusankha malo oyenera kuikapo sefa, kuti isamangoikidwa paliponse.

Chinthu china achemwali: kusefa kotereku kumachitika mkati mwa radar mwenimweni, pa data yosaphika, inu musanalandire fayilo. Ngati mafayilo anu ali a ODIM (kalembedwe ka mafayilo a radar kochokera ku Ulaya), yang'anani ngati muli TH ndi DBZH. TH ndi yosasefa, DBZH ndi yosefa kale. Mwina mwakhala mukuwerengera pa TH.

Chifunga:
Ndayang'ana pompano. Ndimagwiritsadi TH! Nditasintha kupita ku DBZH timadontho tambiri tachepa mphamvu, ngakhale tina pamwamba pa mapiri tikadalipo.

Mdala wa Doppler:
Timeneto ndi totsalira, palibe sefa imene imachotsa zonse. Mitengo ya paphiri ikamagwedezeka ndi mphepo liwiro silikhalanso ziro yeniyeni. Sonkhanitsani zithunzi za masiku ambiri ouma, muone malo amene amawala nthawi zonse, mupange mapu awo. Musataye TH, kusiyana kwa TH ndi DBZH kumakuuzani kuti sefa yagwira pati komanso mwamphamvu bwanji.

Namzeze:
Pepani kulowerera, koma nditawerenga za mphete ija mtima wanga unadumpha. Achemwali, zimenezo ndi mbalame! Zimagona malo amodzi zambirimbiri, nthawi zambiri m'mabango kapena m'nkhalango, ndiye m'bandakucha zimanyamuka nthawi imodzi kupita mbali zonse. Radar imaona bwalo limene likukula. Mukabwerera pa chithunzi choyamba chenicheni mupeza pamene zimagona, ndipo mawa mphete idzayambira pomwepo. Ku America anamzeze a mtundu wa purple martin amadziwika kwambiri ndi mphete zoterezi pa ma radar a zanyengo a dzikolo otchedwa NEXRAD. Ikakhala kuti mphete yabwera madzulo dzuwa likulowa, kawirikawiri imakhala mileme. Phanga la Bracken ku Texas limatulutsa mileme mamiliyoni ndipo imaoneka bwinobwino pa radar.

Nkhaniyi ndi yakale. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali oyang'anira radar ankaona zinthu zosadziwika n'kumazitcha angelo. David Lack, katswiri wa mbalame, pamodzi ndi George Varley analemba mu 1945 kusonyeza kuti radar imaona mbalame. Ine ntchito yanga yonse yagona pa zimene inu mukufuna kutayazo, ndiye chonde muzichotse m'masamu a mvula koma musazifafanize m'mafayilo.

Chifunga:
Ndachita kudabwa. Ndayang'ana masiku asanu otsatizana ndipo mphete ikuyambira malo amodzimodzi, pafupi ndi madzi. Koma mayi, ndingazidziwe bwanji ndi kompyuta popanda kuyang'ana chithunzi chilichonse ndi maso?

Namzeze:
Apa ndi pamene dual-pol imathandiza. Radar yanu imaponya mafunde awiri, ena ogona ena oimirira, n'kuyerekeza zobwerera. Pali nambala yotchedwa rhoHV imene imasonyeza ngati zinthu zimene zili pamalopo zikufanana. Madontho a mvula amafanana maonekedwe, ndiye rhoHV imakhala pamwamba, cha m'ma 0.97 kukafika pafupi ndi 1. Mbalame ndi tizilombo sizifanana, ina yatambasula mapiko, ina yapinda, ina yaloza kwina, ndiye rhoHV imagwa, kawirikawiri pansi pa 0.8. Palinso ZDR, imene imasonyeza ngati chinthu ndi chachitali chogona kuposa choimirira. Tizilombo touluka timakhala ndi ZDR yokwera kwambiri chifukwa matupi ake ndi aatali ndipo timauluka chogona.

Ndipo si mbalame zokha. Mu October 2017 radar ya ku Denver inaona khamu la agulugufe a painted lady. Mu July 2019 ziwala zinadzaza Las Vegas mpaka kuoneka pa radar. A Met Office ku Britain aonapo nyerere zouluka pa zithunzi zawo za mvula m'nyengo yotentha. Ku La Crosse, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, tizilombo ta mayfly tikaswa timaoneka ngati mvula yabwera mwadzidzidzi.

Wa Python:
Ndiye nkhani yatha apa aise. Chotsani chilichonse chimene rhoHV yake ili pansi pa 0.9, kenako muchotse timadontho toima patokha. Mu Py-ART, pulogalamu ya Python yogwirira data ya radar, muli GateFilter, ndi mizere itatu yokha ya code. Mu wradlib, pulogalamu ina yotere, mulinso sefa ya Gabella yoyang'ana kusalala kwa chithunzi. Mbalame zipita, zigamba za usiku zipita, mwinanso mzere uja.

Wazamadzi:
Tisanafike ku code, zigamba za usikuzo zifotokozedwe kaye, chifukwa n'zimene zimapusitsa anthu ambiri. Masiku onse mafunde a radar amapindika pang'ono kutsata dziko, koma dziko limapindika kwambiri kuposa iwo, ndiye akamatalikira amanka nakwera. Dishi ikaloza madigiri 0.5, pa mtunda wa makilomita 100 mafunde amakhala atakwera pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, pa makilomita 200 amakhala cha m'ma makilomita 4. Kumeneko sayenera kugunda nthaka. Koma usiku wabata wopanda mitambo nthaka imazizira msanga, mpweya wozizira ndi wachinyezi umakhala pansi, wofunda ndi wouma pamwamba. Zikatero mafunde amapindikira pansi kwambiri mpaka kukagunda nthaka kutali. Dzuwa likatuluka mpweya umasakanikirana, zigamba n'kuchoka. Dzina lake ndi anomalous propagation, ambiri amangoti AP.

Kuipa kwake n'kwakuti mapu a malo okhazikika amene bambo anena aja sathandiza, chifukwa lero zigamba zili uku, mawa zili uko. Zizindikiro zake ndi izi: liwiro lili pa ziro, zili pa ngodya yotsikitsitsa yokha (pamene dishi yaloza m'munsi kwambiri), dBZ ikudumphadumpha kuchokera pa malo ena kupita oyandikana nawo, ndipo chithunzi cha satellite chikusonyeza kuti kulibe mtambo. Mvula ya 45 dBZ imene ilibe chilichonse pamwamba pake ndi yokayikitsa.

Chifunga:
Zikugwirizana ndendende, ndikakweza ngodya zikusowa. Nanga mzere wowongoka uja?

Mdala wa Doppler:
Pali oganiziridwa awiri, dzuwa kapena zida za intaneti. Dzuwa limatulutsa mafunde akeake, ndiye likakhala m'munsi potuluka kapena polowa, dishi ikaloza komweko imamva phokoso lake. Mzere wa dzuwa umabwera m'mawa ndi madzulo okha, ndipo mbali imene ukuloza imasuntha pang'onopang'ono ndi nyengo za chaka. Ife amisiri timaukonda, timaugwiritsa ntchito poona ngati dishi ikuloza molondola, popeza malo a dzuwa amadziwika bwino nthawi iliyonse.

Ukakhala kuti umaloza mbali imodzimodzi nthawi ina iliyonse, ndiye kuti pali chida cha intaneti yopanda mawaya chimene chikuyankhula pa mafunde anu. Ma radar a C-band ambiri amagwira cha pa 5.6 GHz. Mu 2003 msonkhano wa ITU, bungwe la dziko lonse loyang'anira mafunde a wailesi, ku Geneva unalola zida zotere kugwiritsa ntchito chigawo chomwecho, pa lamulo loti zikhale ndi DFS, kutanthauza kuti chida chikamva radar chisamukire kwina. Anthu ena amazimitsa DFS, kapena chida sichimva bwino, ndipo zotsatira zake ndi mizere imeneyo. Vutoli lazunza kwambiri ma radar a ku Ulaya.

Yang'anani chinthu chimodzi: kodi mzerewo ukunka nuwala ukamatalikira?

Chifunga:
Eya, pafupi ndi radar ndi wofooka, kumapeto ndi wowala. Ndipo ulipo ngakhale pakati pa usiku, mbali yomweyo.

Mdala wa Doppler:
Ndiye si dzuwa. Kuwala kumapetoko kumabwera chifukwa radar imawonjezera mphamvu pa zobwerera zakutali, poganiza kuti zafooka panjira. Phokoso lochokera ku chida china ndi lofanana mzere wonse, ndiye likawonjezeredwa limaoneka ngati likukula. Mungathe kuuchotsa poyerekeza ndi mizere yoyandikana nayo, koma mankhwala enieni ndi kuuza oyang'anira mafunde a wailesi kuti akachipeze chidacho. Ndinakhalapo miyezi ndikudandaula za mzere umodzi wotere, ndipo nthawi yonseyo dera lonse la kuseri kwake tinalibe chithunzi chodalirika cha mvula. Zinkandiwawa chifukwa kumeneko kumakhala anthu.

Chifunga:
Ndabweranso. Ndayesa njira ya achimwene a Python, kudula zonse za pansi pa 0.9. Zithunzi zayera bwino kwambiri! Mphete yapita, zigamba zambiri zapita. Ndikuona ngati ndamaliza.

Mphezi:
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhule. Achemwali, musafulumire. Mwayesa pa masiku ouma, ndipo pa masiku ouma sefa iliyonse yolusa imaoneka yabwino, popeza palibe chimene ingawononge. Tengani tsiku limene kunagwa mvula yamkuntho ya matalala, muikepo sefa yomweyo, mutiuze zimene muone.

Wa Python:
Koma akulu, mvula rhoHV yake imakhala pamwamba pa 0.97, mayi Namzeze anena kale. Pa 0.9 ndasiya mpata wokwanira.

Mphezi:
Mvula yokhayokha, inde. Koma mumtambo simukhala mvula yokhayokha. Matalala akuluakulu onyowa akasakanikirana ndi madontho, zinthu sizifanananso, rhoHV imagwa, ndipo pa C-band imagwa kwambiri kuposa pa S-band, ya mafunde aataliko, chifukwa mafunde a masentimita 5 amachita zachilendo akakumana ndi madontho aakulu ndi matalala. Pamene chipale chikusungunuka kukhala mvula napo imatsika. Kutali ndi radar, kumene zobwerera zili zofooka poyerekeza ndi phokoso, imatsikanso ngati sanaikonze. Kuseri kwa mtambo wamphamvu imatha kutsika mzere wonse.

Ndipo pali china chimene chimandiopsa. Tornado, kamvuluvulu wamphamvu kwambiri, ikafika pansi imanyamula malata, nthambi, masamba, zinyalala. Zinthu zimenezo si mvula, rhoHV yake ndi yotsika kwambiri. Kwa wolosera zanyengo kadontho kameneko, kakakhala pamene mphepo ikuzungulira, ndi umboni woti tornado ikuwononga panopa, ngakhale usiku pamene palibe akuiona. Ryzhkov ndi anzake anazifotokoza mu 2005, ndipo kuchokera pamene ma radar a NEXRAD anamaliza kusinthidwa kukhala a dual-pol mu 2013, chizindikirochi chimagwiritsidwa ntchito pochenjeza anthu. Sefa yanu ya 0.9 ingachifafanize. Ndikudziwa kuti inu mukuwerengera mvula, simukuchenjeza anthu, koma code imayenda. Mawa wina adzaitenga n'kuiika pa chithunzi chimene anthu akudalira.

Chifunga:
Bambo Mphezi, munanena zoona. Ndatenga tsiku la matalala ndipo pakati penipeni pa mtambo, pamene dBZ inali yokwera kwambiri, pabooka dzenje. Choyezera mvula cha pamalopo chinalemba mvula yambiri, ine masamu anga akuti ziro. Poyamba ndinkalemba mvula imene sinagwe, tsopano ndikutaya imene inagwa.

Wa Python:
Ndavomera, ndinafulumira. Ndiye titsitse malire afike pa 0.7?

Mdala wa Doppler:
Mukatsitsa mbalame zina zibwerera. Nambala imodzi siingaweruze mlanduwu yokha, pafunika mboni zingapo. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito fuzzy logic. Mumafunsa rhoHV, mumafunsa ZDR, mumafunsa liwiro, mumafunsa kusalala kwa dBZ, ndiponso kusalala kwa PhiDP (kuchedwa kwa mafunde ogona poyerekeza ndi oimirira), imene mu mvula imasintha pang'onopang'ono koma pa mbalame ndi pa nthaka imadumpha mwachisawawa. Mboni iliyonse imapereka maganizo ake pakati pa 0 ndi 1, mumaphatikiza, kenako mumagamula. Kwa ine kusalala kwa PhiDP ndi mboni yokhulupirika kwambiri.

Kenako muike chitetezo. Ngati dBZ ndi yokwera kwambiri ndipo mtambo ukuoneka mpaka pa ngodya zapamwamba, musaukhudze ngakhale rhoHV itatsika, chifukwa mbalame sizipanga nsanja yotalika makilomita 10. Dongosolo la MRMS la ku America, lophatikiza data ya ma radar ambiri, limachita chimodzimodzi: limachotsa za rhoHV yotsika koma limateteza malo a matalala ndi pamene chipale chikusungunuka.

Wazamadzi:
Ine ndikhala kumbali ina pang'ono. Kwa ife owerengera madzi olowa m'mitsinje, mvula yabodza ndi yoipa kwambiri chifukwa imaunjikana. Mbalame zikabweza 20 dBZ, imeneyo ndi mamilimita ochepera limodzi pa ola, zooneka zazing'ono. Koma pa nyengo imene mbalame zikusamuka usiku wonse, masabata angapo, dera lonse, model yolosera madzi a m'mitsinje imayamba kuganiza kuti nthaka yanyowa. Mvula yeniyeni ikabwera imalosera kusefukira kumene kulibe. Ndiye ine ndimakonda sefa yolusa, bola matalala atetezedwe.

Namzeze:
Sindikutsutsa bambo, pa ntchito yanu ndi zoyenera. Chimene ndimalira nacho ndi pamene kusefako kwachitikira kuchiyambi, fayilo yosasefa n'kutayidwa. Ku Ulaya ofufuza za mbalame avutika ndi zimenezi, data ya ma radar ena imafika itayeretsedwa kale mbalame mulibe. Chonsecho ndi data ya mtundu womwewu imene BirdCast ya Cornell Lab of Ornithology ku America imagwiritsa ntchito polosera usiku umene mbalame zambiri zidutse, kuti mizinda izimitse magetsi a nyumba zitalizitali mbalame zisawombe magalasi. Mapulogalamu ngati vol2bird ndi bioRad amachita zosiyana ndi inu, amataya mvula n'kusunga mbalame. Zaka za data zikatayidwa sizibwereranso.

Mphezi:
Ngakhale ife olosera zanyengo, tizilomboto timatifuna. Mtambo wamphamvu ukatulutsa mphepo yozizira pansi, kutsogolo kwa mphepoyo tizilombo timaunjikana, ndipo pa radar pamaoneka kamzere kopyapyala kakuyenda. Kamzere kameneko kamandiuza kumene mphepo yamphamvu ifike mvula isanafike, komanso pamene timizere tiwiri tikumane ndi pamene mtambo watsopano ungabadwe. Tsiku lopanda mvula liwiro la mphepo limene radar imayeza limachokera kwambiri ku tizilombo totengedwa ndi mphepo. Mbalame ndiye zimasokoneza, chifukwa zimauluka ndi mphamvu zawo, liwiro lawo si la mphepo.

Chifunga:
Ndiye ndichite bwanji kuti aliyense asadandaule? Ndisunge mafayilo awiri?

Mdala wa Doppler:
Sungani yosasefa mmene ilili. Pambali pake pangani gawo lina limene pa malo aliwonse likunena kuti apa ndi mvula, apa ndi nthaka, apa ndi zamoyo, apa ndi phokoso, apa sindikutsimikiza. Aliyense asankhe zimene akufuna.

Ndipo pali cholakwika chimodzi chimene ndikufuna muchipewe, chifukwa ndachiona chikuwononga ntchito za anthu akhama. Mukachotsa phiri, musalembepo ziro. Ziro akutanthauza kuti radar yayang'ana ndipo mvula kulibe. Koma pamwamba pa phiri lija mvula imagwa, mwinanso yambiri kuposa kuchigwa, kungoti radar siikutha kuisiyanitsa ndi phirilo. Pamenepo mulembe kuti palibe data. ODIM imasiyanitsa ziwirizi, ili ndi undetect ndi nodata. Mukasakaniza, mapiri anu onse adzaoneka ouma chaka chonse. Mukafuna kudzaza dzenjelo, tengani kuchokera pa ngodya yapamwamba kapena malo oyandikana nawo, ndipo muike chizindikiro choti nambalayi ndi yongoyerekeza.

Wazamadzi:
Pamenepa tagwirizana. Dzenje la matalala lija likanakhala nodata, achemwali akanaliona msanga. Ziro amabisala.

Wa Python:
Funso lina, popeza tafika apa. Ndinaonapo pa chithunzi china mizere yaitali yopyapyala ikutengedwa ndi mphepo kumwamba, tsiku lopanda mitambo, rhoHV yotsika. Sizinali mphete, sizinali pa mzere wa radar.

Mdala wa Doppler:
Zikumveka ngati chaff, timaulusi topakidwa aluminiyamu timene ndege zankhondo zimamwaza pofuna kusokoneza radar. Ma Britain anayamba kuzigwiritsa ntchito mu 1943 poukira mzinda wa Hamburg ku Germany, ankazitcha Window. Lero zimamwazidwa pa maphunziro a asilikali ndipo zimatha kuyandama maola ambiri. Utsi wa moto waukulu wa m'tchire ndi phulusa la volcano nazonso zimaoneka. Pa 1 February 2003 zidutswa za chombo cha m'mlengalenga cha Columbia, chimene chinasweka pobwerera padziko, zinaoneka pa ma radar a zanyengo a ku Texas ndi Louisiana.

Chifunga:
Abale, patha masiku atatu, ndabwera ndi lipoti. Ndalemba fuzzy logic ya mboni zinayi, ndaika chitetezo cha mitambo yaitali, ndasiyanitsa ziro ndi nodata, ndipo ndikuyesa pa masiku ouma ndi a mvula omwe. Dzenje la matalala latsekeka, mphete yachoka m'masamu koma ili m'gawo lake, mayi Namzeze. Za mzere uja ndalembera oyang'anira.

Chatsala chimodzi chikundikanika. Pali kagulu ka madontho pamalo amodzi, kamakhalapo pafupifupi tsiku lililonse, koma liwiro lake si ziro, likungosinthasintha, ndipo sefa ya Doppler sikukakhudza. Nthawi zina kamaoneka ngati kamtambo kamphamvu kakuzungulira. Tsiku lopanda mphepo kamafooka.

Mphezi:
Tsegulani mapu a satellite muone ngati pamalopo palibe makina opangira magetsi ndi mphepo.

Chifunga:
Alipo, ambiri ndithu, andandalika pamwamba pa chitunda.

Mdala wa Doppler:
Mwakumana ndi chovuta kuposa zonse. Nsanja yake imaima, sefa imaichotsa, koma mapiko amazungulira, pafupi ndi pakati pang'onopang'ono, kunsonga mothamanga kwambiri, ena akubwera kwa radar ena akuchoka. Mphamvu yake imayala pa liwiro lonse ngati mvula yamkuntho, ndiye Doppler ilibe pogwira. Tsiku labata mapiko aima, n'chifukwa chake kamafooka. Chimene mungachite ndi data imene muli nayo n'chakuti mulembe malo a makinawo, muwonjezere pang'ono kuseri kwake chifukwa mafunde amagundagunda pakati pa nsanjazo n'kubwerera mochedwa, pa ngodya yotsikitsitsa mulembe nodata, mvula muitenge pa ngodya yotsatira. Makinawo ali pa mtunda wautali bwanji kuchokera pa radar?

Chifunga:
Pafupifupi makilomita 40.

Mdala wa Doppler:
Pamenepo pa madigiri 0.5 pakati pa mafunde pali pa mamita osakwana 500 pamwamba pa radar, ndipo m'munsi mwake mukukhudza chitundacho. Pa madigiri 1.5 mukwera kupitirira kilomita imodzi, muyenera kuwadumpha. Yesani ngodya imeneyo pa tsiku la mphepo yambiri lopanda mvula, mutitumizire TH ndi DBZH zonse ziwiri tione ngati mwatsala kanthu.

Chifunga:
Chabwino bambo, ndikusankha tsikulo tsopano. Ndiika zithunzi pano madzulo ano.